Buluzi, Dzuwa ndi Cisanu: Phunziro la ku Durban

Nkhani ya madzulo ano iri ya kanyama kamene anthu ambiri sakawerengera konse, ndiko buluzi. Omvera a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amdziwa bwino pamodzi ndi abale ace: gulo wogwedeza mutu pa mtengo, nalimata wa pa khoma, mng'azi wa m'mbali mwa mtsinje, ndi nanzikambe, amene ena amucha bilimankhwe. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti alipo anthu amene amamangira nyama zimenezi mipanda panja, naziweta kuti ziswane, monga momwe munthu wa kumudzi awetera nkhunda. Ena acita nchitoyi cifukwa ca kukonda, ena cifukwa ca malonda, ndipo ena aicita pakuti mitundu ina ya abuluzi iri pafupi kutha pa dziko lapansi. Nchitoyi ibvuta koposa m'malo ozizira, ndipo cifukwa cace cimveka bwino poyang'ana mzinda wa Durban ndi dziko lozungulira mzindawo.

Durban iri m'mphepete mwa nyanja yaikuru ya India, m'cigawo ca KwaZulu-Natal. Madzi a nyanjayo ndi ofunda, cotero ngakhale m'mwezi wa Julayi usana umafika madigiri 22 kapena kuposa, ndipo usiku umatsikira pafupi ndi madigiri 11. Cisanu coumitsa udzu sicidziwika kweni-kweni m'mphepete mwa nyanjamo. Koma munthu akacoka mu mzindawo kulowera kumtunda, napitirira Pietermaritzburg, imene iri pa mtunda wa makilomita 80, amapeza udzu woyera ndi cisanu m'mamawa. Pa mapiri a Drakensberg pamagwa cipale cofewa. Ndipo Johannesburg, imene iri mamita 1,750 pamwamba pa nyanja, imazizira usiku monga pa Nyika, pa Dedza kapena ku Nyanga. Motero pa ulendo wa tsiku limodzi munthu adutsa kwao kwa abuluzi a kotentha ndi kwao kwa abuluzi a kozizira. Mtundu uli wonse uli ndi muyeso wace wa dzuwa ndi muyeso wace wa cisanu, ndipo woweta amene saudziwa muyesowo sangaone ana m'mpanda mwace.

Mwana wa ku Adams Mission

Munthu amene anathandiza kwambiri kuti nzeru imeneyi idziwike anabadwira kufupi ndi Durban. Dzina lace ndi Raymond Cowles, mwana wa amishoni a ku America, wobadwa m'caka ca 1896 pa Adams Mission, pafupi ndi Amanzimtoti, kumene kunali sukulu ija imene Joshua Nkomo ndi Herbert Chitepo anaphunzirako. Atakula anapita ku America, koma anabweranso ku Natal kudzaphunzira moyo wa mng'azi, ndipo pambuyo pace anakhala mphunzitsi wa sukulu yaikuru ya ku Los Angeles.

M'caka ca 1930 iye analemba za m'mene mng'azi waukazi aswera ana ace. Mvula ikafewetsa dothi, mng'azi amaboola culu cimene muli ciswe camoyo, naikira mazira ace m'katimo, nacokapo. Ciswe cimamatanso pobookapo, ndipo mazira aja akhala m'nyumba yofunda ndi ya cinyezi, imene kutentha kwace sikusintha-sintha ngakhale kunja kuzizire. Amakhala m'menemo miyezi yambiri, kufikira ana ataswa naturuka pa nyengo ina ya mvula. Mng'azi safungatira mazira monga nkhuku, pakuti thupi lace liribe moto wace-wace. Iye amabwereka kufunda kwa culu.

Pambuyo pace, m'caka ca 1944, Cowles ndi mnzace Charles Bogert anafalitsa zimene anapeza poyesa abuluzi m'cipululu ca California. Kale anthu ankayesa kuti buluzi angotentha ndi kuzizira monga mwala, ndi kuti wa m'cipululu akonda dzuwa lopanda malire. Awiriwa anasonyeza kuti si cotero ai. Buluzi amaweruza yekha kutentha kwa thupi lace mwa kusuntha. M'mamawa aothera dzuwa; thupi likafunda apita kukasaka; likapyola muyeso alowa pamthunzi kapena kuuna. Mwa njira imeneyi abuluzi ambiri oothera dzuwa amasunga thupi lao pakati pa madigiri 30 ndi 38 nthawi ya usana. Ndipo anapeza kuti buluzi wa m'cipululu yemwe, akamletsa kuthawira pamthunzi, amafa m'mphindi zowerengeka, pakuti kutentha kumene akonda ndi kutentha kumene kumupha kuli pafupi-fupi.

Pamenepa pagona lamulo loyamba la mpanda wa abuluzi. Woweta sapatsa buluzi kutentha kumodzi kokha. Ampatsa malo otentha, malo ofunda ndi malo ozizira m'kati mwa mpanda umodzi, kuti nyamayo isankhe yokha.

Mazira ndi ana amoyo

Cisanu cimalamulanso kabadwe ka abuluzi. Gulo, amene ali wambiri m'minda ya maluwa ya ku Durban monga alinso ku Lilongwe ndi ku Lusaka, amaikira mazira m'dothi lofunda. Nanzikambe wamkuru wodziwika m'maiko onse atatu amakumba dzenje kumapeto kwa dzinja, naikiramo mazira 30 kapena kuposa, ndipo mazirawo amakhala m'nthaka miyezi 9 kapena yoposa asanaswe. Koma kumene nthaka izizira, dzira lokwiriridwa silingakhwime msanga. Cifukwa cace abuluzi ambiri a m'mapiri ndi a m'maiko ozizira saikira mazira ai. Mai amasunga ana m'mimba, nayenda nao kulikonse kumene kuli dzuwa, kufikira atabala ana amoyo. Abuluzi a m'matanthwe a Drakensberg acita cotero, ndipo ku Ulaya ulipo mtundu wobala ana amoyo umene ufika kumpoto kweni-kweni kwa Norway. Ngakhale buluzi wa mizere-mizere wothamanga pa khonde la nyumba za ku Malawi amabala ana amoyo.

Cina codabwitsa ndi ici: buluzi wa kozizira amacifuna cisanu. M'miyezi yozizira alowa pansi, naleka kudya, nagona tulo tatitali. Tulo timeneti ndito timakonza thupi la mwamuna ndi la mkazi kuti ziswane nyengo ikafunda. Munthu amene amvera buluzi wotere cisoni, namsunga m'nyumba yofunda caka conse, kawiri-kawiri amakhala ndi nyama yonenepa koma yosabala.

Amene anayesa ku Ulaya

M'dziko la Netherlands, kumene dzuwa licepa ndipo madzi amaundana m'nyengo ya cisanu, munali mphunzitsi wina dzina lace Bert Langerwerf. Iye anamanga mipanda ya abuluzi panja m'munda mwace, mbali ina yofoleredwa ndi galasi, mbali ina yosafolera, ndipo pansi pace anakonza mauna akuya ogonamo m'cisanu. Anaswetsa mitundu yambiri imene anzace oweta m'nyumba analephera. Pambuyo pace anasamukira ku Alabama m'dziko la America, kumene anapitiriza nchitoyo kufikira imfa yace m'caka ca 2008. Iye anaphunzitsa kuti mazira ambiri amene ana amafera m'kati asanaswe, amatero cifukwa mai wao anasowa dzuwa leni-leni ndi cakudya colimbitsa mafupa.

Ku England nakonso kuli buluzi wamng'ono wa m'mcenga amene anatsala pang'ono kutha, pakuti malo ace anamangidwapo nyumba ndi kubzalidwapo mitengo. Malo osungira nyama a Marwell, m'cigawo ca Hampshire, akhala akumweta m'mpanda wa panja kwa zaka zoposa 30. M'mpandamo muli mcenga, zitunda zoyang'ana dzuwa, ndi zomera zomwe zija za kwao kwa buluziyo. Akazi amaikira mazira m'mcenga, ana amaleredwa masabata owerengeka, ndipo pambuyo pace amamasulidwa kuthengo kumene makolo ao anatha. Mwa nchito ya Marwell ndi ya oweta ena, abuluzi zikwi zambiri abwezedwa kwao. Nchitoyi inatheka cifukwa buluziyo amawetedwa pansi pa thambo la dziko lace lomwe.

Kamangidwe ka mpanda

Kodi mpanda wotere umangidwa bwanji? Coyamba ndi malo. Ku England citunda ciyenera kuyang'ana kum'mwera, koma ku Durban, ku Johannesburg, ku Dedza ndi ku Nyanga ciyenera kuyang'ana kumpoto, pakuti kum'mwera kwa Africa dzuwa la Juni ndi Julayi limayenda cakumpoto. Munthu wotsata buku la ku Ulaya mosalingalira adzamanga mpanda wace pamthunzi. Malowo alandire dzuwa la m'mamawa, akhale obisika ku mphepo ya mwera, ndipo akhale okwera pang'ono, osati m'dambo, pakuti mpweya wozizira umatsikira m'zigwa usiku monga madzi.

Caciwiri ndi khoma. Likhale losalala, monga la malata osapinda kapena la simenti yosalaza, kuti zikhadabo zisagwirepo. Lilowe pansi theka la mita, kuti wokumba asaturuke ndi khoswe asalowe. Pamwamba pakhale waya wa maso ang'ono. Adani a buluzi ndi ambiri: amphaka, makoswe, akhungubwe, msulu, njoka, ndipo ku Durban kuli apusi oyenda m'mipanda ya anthu tsiku ndi tsiku. Kumudzi kulinso linthumbu, limene lingathe kutsiriza mpanda wonse usiku umodzi.

Cacitatu ndi dzuwa. Mpanda wonse usafoleredwe ndi galasi. M'kuwala kwa dzuwa muli mphamvu ina yosaoneka ndi maso imene ithandiza khungu kupanga vitamini D, ndipo popanda vitaminiyo thupi silingathe kulimbitsa mafupa ndi zikamba za mazira. Galasi wamba limalola kuwala ndi kutentha kudutsa, koma mphamvu imeneyo limaichinga. Buluzi wokulira kuseri kwa galasi amafewa nsagwada, napindika msana. Ndiponso kanyumba ka galasi kotsekedwa kamasanduka ng'anjo dzuwa likakwera. Cotero galasi likhale pa ngodya imodzi yokha, pokhala pouma ndi pofunda m'masiku a mitambo. Pena pakhale miyala yafulati ndi zipika zootherapo dzuwa. Ndipo pena pakhale udzu ndi zitsamba za mthunzi.

Cacinai ndi cipinda ca cisanu. Woweta amakumba dzenje lakuya kupyola pamene cisanu cifika, naikamo miyala, zidutswa za njerwa ndi masamba ouma, nasiya kanjira kolowera, naunjika dothi pamwamba. Pansi pace pakhale potayira madzi. Buluzi wogona angapirire kuzizira kouma, koma kuzizira konyowa kumamdwalitsa cifuwa, ndipo dzenje lodzala madzi limam'miza ali m'tulo. Nyama yoonda kapena yodwala isaloledwe kugona panja.

Cacisanu ndi cakudya ndi makhalidwe. Abuluzi ambiri amadya tizirombo: ziwala, nkhululu, ngumbi, mphutsi ndi nchenche. Tizirombo ta m'munda wopoperedwa mankhwala ndi poizoni kwa iwo. Oweta amawaza cakudyaco ndi ufa wolimbitsa mafupa, monga wa zikamba za mazira zosinja bwino. Nanzikambe samwa kawiri-kawiri m'mbale. Amanyambita mame ndi madontho a pa masamba, cotero masambawo awazidwe madzi. M'mitundu yambiri amuna awiri sakhala mpanda umodzi popanda nkhondo, ndipo ana ayenera kupatulidwa msanga, pakuti akuru ena amadya ang'ono. Wogwira abuluzi asambe m'manja ndi sopo, cifukwa m'ndowe zao mumakhala tizirombo totsegula m'mimba.

Buluzi amene akana mpanda

Komatu alipo abuluzi amene luso lonseli siliwakwanira. M'madambo a udzu a kumtunda, kumpoto ca kum'mawa kwa Free State ndi mbali ina ya Mpumalanga, muli buluzi wamkuru wa minga m'khosi ndi kumcira, amene atalika masentimita 35 kapena kuposa. Azungu amucha sungazer, ndiko kunena woyang'ana dzuwa, pakuti amaima pakhomo pa una wace atatukula mutu kumwamba. M'caka ca 2011 akatswiri anapatsa mtundu wace dzina lakuti Smaug. Amakumba yekha una wotalika pafupi-fupi mamita 2, nagonamo nyengo yonse ya cisanu. Amakula pang'ono-pang'ono, ndipo mkazi amabala mwana mmodzi kapena awiri okha, kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu.

Anthu a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan amalipira ndalama zambiri kuti akhale naye, koma kumswetsa m'mpanda kwatheka mwa kamodzi-kamodzi kokha. Cifukwa cace ambiri amene anagulitsidwa kunja ndi kalata yonena kuti anabadwira m'mpanda anali okumbidwa kuthengo, ndipo ena anali akazi ogwidwa ali ndi pakati. Pamodzi ndi mbala zimenezi pali khasu ndi migodi: dambo likalimidwa kamodzi, mauna amatha, ndipo abuluziwo sabwerera msanga m'nthaka yolimidwa. Buluzi ameneyu akatengedwa kupita ku Durban amapeza cinyezi ndi kufunda kosatha, nasowa cisanu cimene thupi lace licidikira. Cimodzi-modzinso buluzi wa ku gombe la Durban akaikidwa panja ku Johannesburg angathe kufa ndi cisanu ca mwezi wa Julayi.

Eni ace a Durban

Mzinda wa Durban uli ndi abuluzi ace-ace amene ali pa ngozi. Wina ndi buluzi wopanda miyendo, woonda ngati kanjoka, amene akatswiri amucha Scelotes inornatus. Amakhala m'kati mwa mcenga wofiira, pansi pa masamba ogwa a nkhalango za m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Durban kutsikira cakum'mwera kufupi ndi Scottburgh, ndipo sapezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi. Mcenga womwewo ndiwo umene anthu amangapo nyumba, misewu ndi mafakitale, cotero iye ali m'gulu la nyama zimene ziri pafupi kweni-kweni kutha.

Wina ndi nanzikambe wamng'ono wochedwa Bradypodion melanocephalum, wotalika ngati cala ca munthu ndi theka lace, wokhala m'udzu wautali, m'bango ndi m'zitsamba, ndipo wobala ana amoyo. Azulu, monganso Acewa, ali ndi nthano yakuti nanzikambe anacedwa ndi uthenga wa moyo, buluzi namtsogolera ndi uthenga wa imfa. Ndipo cifukwa ca nthanoyo anthu ambiri amamuopa kapena kumupha. Koma nanzikambe alibe ululu uli wonse, ndipo nchito yace ndi kudya tizirombo.

M'caka ca 2002, pamene malo ena a ku Cato Manor, m'kati mwa mzinda, anaperekedwa kuti pamangidwe nyumba za malonda, anthu anayenda usiku ndi nyali, natola anankizambe amenewa pa udzu pamene anagona, nawasamutsira pa malo oyandikana nao amene anapatulidwa. Malo ena a pamenepo anachedwa Chameleon Park. Adrian Armstrong, wa bungwe losamala nyama la Ezemvelo KZN Wildlife, analemba za nchitoyi m'caka ca 2008. Phunziro la pamenepo ndi lakuti kusamutsa nyama ndi ciyambi cabe. Kamunda kakang'ono kozingidwa ndi mzinda kali ngati mpanda waukuru, ndipo kafuna mwini wokasamala caka ndi caka. Zomera zacilendo, monga lantana ndi cina cochedwa Chromolaena, zikapanda kuzulidwa zimaphimba udzu wa m'dzikomo. Moto ukalowa pa nyengo yolakwika umapsyereza akuru ndi ana omwe. Ndipo anankizambe sangaoloke msewu wa tala kukafuna malo ena.

Za kwao kwa omvera

Nkhaniyi siiri ya ku South Africa kokha. Pa phiri la Mulanje pali nanzikambe wosapezeka kwina, ndipo m'caka ca 2006 akatswiri anacha mtundu wace Nadzikambia, kutengera liu la Cicewa lomwe. Ku mapiri a Malawi Hills, kufupi ndi Nsanje, kuli nanzikambe wina wamng'ono-ng'ono wa pansi pa nkhalango, amene anadziwika kwa akatswiri m'caka ca 1992. Nkhalango yace yambiri inadulidwa, ndipo anthu anaopa kuti watha. M'caka ca 1998 anankizambe 37 anasamutsidwira ku kankhalango ka ku Mikundi, makilomita pafupi-fupi 95 cakumpoto. Pamene Krystal Tolley ndi anzace, pamodzi ndi a Museums of Malawi, anakafufuza m'caka ca 2016, anapeza ena akali moyo m'zidutswa za nkhalango ya kwao, ndipo ku Mikundi anapeza akuru 21 ndi ana 11. Anaswana kumeneko popanda khoma kapena waya, pakuti anapeza mthunzi, cinyezi ndi kuzizira konga kwa kwao.

Munthu wofuna kuyesa nchitoyi ayambe wafunsa za lamulo. Ku KwaZulu-Natal cilolezo cogwira, kusunga kapena kutumiza nyama za kuthengo cimacokera ku Ezemvelo KZN Wildlife. Ku Malawi ndi ku Zambia cimacokera ku dipatimenti yoyang'anira nkhalango za nyama. Ku Zimbabwe cimacokera ku bungwe la Parks and Wildlife Management Authority. Kuolotsa buluzi malire a dziko kuli ndi malamulo acenso, a pangano la maiko lochedwa CITES. A pa ulendo wa pakati pa Durban, Johannesburg ndi kwao acenjere ndi munthu wowapempha kunyamula kabokosi ka nyama zamoyo, pakuti mlandu umagwera wonyamula.

Atalandira cilolezo, asankhe mtundu wa m'dera lace lomwe, umene dzuwa ndi cisanu ca pamalopo uzidziwa kale. Asatenge nyama yosowa, ndipo asamasule kuthengo buluzi wa dziko lina. Sukulu imene ifuna kuti ana aphunzire za nyamazi ingathe kuyamba popanda kugwira ngakhale imodzi: iunjike miyala ndi zipika pa malo oyang'ana kumpoto, isiye udzu wa m'dzikomo ndi zitsamba pambali pace, ileke kupoperapo mankhwala ndi kuochapo moto, ndipo abuluzi a pafupi adzabwera okha. Ana akalemba m'buku ora limene buluzi aturuka, ora limene abisala, ndi mwezi umene ana aoneka, adzakhala akucita nchito yomwe ija imene Raymond Cowles anaiyamba m'zigwa za Natal.

Nkhani ya madzulo ano yathera pamenepa.